Momwe mungasanthulire ulaliki: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino talembera akulu a mpingo, alaliki ongoyamba kumene, amayi a Umanyano (bungwe la amayi la CCAP kumpoto kwa Malawi) amene amapatsidwa mpata wogawa mawu pakati pa sabata, komanso ophunzira za umulungu ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ndi ku Ekwendeni amene apatsidwa ntchito yosanthula ulaliki. Tikukamba makamaka za ulaliki wa m'mipingo ya Evangelical, wofuna kuti munthu atembenuke mtima.

Kusanthula luso la ulaliki n'kutani kwenikweni?

Ndi kumvetsera ulaliki muli ndi mafunso atatu. Mlaliki wanena chiyani? Wachinena bwanji, ndi liwu lotani, mfundo ataziyala motani? Nanga akufuna kuti omvera akachite chiyani akatuluka m'tchalitchi? Ambirife timathera ponena kuti "lero abusa anali pamoto" kapena "lero kunali kozizira". Wosanthula amaloza malo enieni: mphamvuyo inayamba pa mphindi iti, inabwera ndi chiyani, ndipo kodi inachokera m'ndime imene inawerengedwa kapena kwina. Funso lomalizali ndiye phata la ntchito yonse. Ulaliki ukhoza kugwedeza tchalitchi chonse pomwe ndime yowerengedwayo sinagwirepo ntchito iliyonse.

Kodi uku si kupeputsa mawu a Mulungu? Suja Malemba amati tisakhudze odzozedwa?

Mawu amenewa ali pa Masalimo 105:15, ndipo akunena za Abrahamu ndi ana ake pa nthawi imene anali ochepa, akuyendayenda pakati pa mitundu ina, ndipo Mulungu akuchenjeza mafumu kuti asawachite choipa. Vesili silikuletsa mkhristu kufunsa ngati zimene wamva paguwa zikugwirizana ndi Baibulo. Pa Machitidwe 17:11 anthu a ku Bereya akuyamikiridwa chifukwa ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene ankamvazo zinali zoona, chonsecho wolalikirayo anali Paulo.

Ena amatchula 1 Akorinto 2:1-5, pomwe Paulo akuti sanabwere ndi mawu okopa a nzeru. Zoonadi, chimene ankakana ndi kuti chikhulupiriro cha anthu chitsamire pa luso la wolankhula. Koma Paulo yemweyo ku Atene anayambira pa guwa la mulungu wosadziwika limene anaona mumzindamo, n'kutchulanso alakatuli awo, asanafike pa kuuka kwa akufa. Kumeneko n'kudziwa omvera. Augustine, bishopu wa ku Hippo, pomaliza buku lake lophunzitsa alaliki cha m'ma 426, anatsutsa zoti onama azilankhula mokoma pomwe oteteza choonadi akugonetsa anthu tulo, ndipo anati mlaliki ali ndi ntchito zitatu: kuphunzitsa, kukondweretsa khutu, ndi kusuntha mtima kuti munthu achitepo kanthu. Ife sitikuona vuto ndi luso. Chofunika n'kudziwa kuti lusolo likutumikira chiyani.

Ulaliki wa Evangelical umasiyana bwanji ndi ulaliki wina?

Katswiri wa mbiri David Bebbington mu 1989 anatchula zizindikiro zinayi: kutsindika kutembenuka mtima, kuika Baibulo pamwamba pa ulamuliro wina uliwonse, kuika mtanda wa Khristu pakati, ndi changu chofalitsa uthenga. Zizindikirozi mudzazimva mu CCAP, Baptist, Assemblies of God ndi m'mipingo yambiri ya Pentekosite, ngakhale kapembedzedwe kawo n'kosiyana. Kwa wosanthula, tanthauzo lake n'lakuti ulaliki wotere umalunjika pa chisankho. Yambani ndi kupeza chisankhocho, kenako bwererani m'mbuyo kuona njira imene mlaliki anadutsa kuti akafikeko.

Kuno kumpoto zimenezi si zachilendo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia ankachititsa misonkhano ya masiku angapo ku Ekwendeni, kumene anthu zikwizikwi ankasonkhana kumva maulaliki otsatizana ofika pachimake pa Mgonero.

Ndiyambire pati?

Pemphani kaye chilolezo chojambula ulalikiwo kwa abusa kapena kwa akulu a mpingo. Kujambula mobisa kumawononga ubale, ndipo zimene mwapezazo simudzatha kuzikamba poyera.

Pojambula mawu, foni ikhale pa airplane mode kuti wina akaimba asadule. Musakhale pafupi ndi sipika, kiyibodi kapena ng'oma. Mamita anayi kapena asanu kuchokera pa sipika ndi abwino, chifukwa pamenepo mumagwira liwu la mlaliki ndi mayankho a mpingo omwe. Mukayandikira kwambiri, malo amene mlaliki wakweza mawu amangomveka phokoso, ndipo malo amenewo ndi omwe mukuwafuna. Nyengo ya mvula, m'tchalitchi cha malata chopanda siling'i, mvula ya ku Mzuzu imatha kumeza mphindi khumi zathunthu, choncho khalaninso ndi kope. M'kopemo lembani nthawi ndi zimene foni singagwire: mlaliki watsika paguwa, waloza munthu, wagwada, watseka Baibulo.

Kenako lembani ulaliki wonse liwu ndi liwu. Ola limodzi la mawu lidzakudyerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi, kuposanso ngati panali womasulira. Yambani mzere watsopano paliponse pamene mlaliki wapuma. Ikani chizindikiro / pa kupuma kwakufupi ndi // pa kupuma kopitirira masekondi awiri. Mawu okuwa alembeni m'zilembo zazikulu. Mayankho a mpingo akhale pamzere wawo. M'mphepete lembani nthawi pa mphindi iliyonse.

Zolakwika zofala ndi zitatu. Choyamba ndi kukonza chilankhulo cha mlaliki, kuchotsa zobwerezabwereza ndi ziganizo zoduka, pomwe luso lili momwemo. Chachiwiri ndi kusanthula zimene abusa analemba papepala m'malo mwa zimene analankhula. Chachitatu ndi kuweruza ulaliki wa mphindi 50 potengera kachidutswa ka mphindi ziwiri kozungulira pa WhatsApp. Ndipo musanene kuti "mlaliki uyu amalalikira chonchi" musanamve maulaliki ake osachepera atatu, a pa zochitika zosiyana.

Ethos, pathos ndi logos zimaoneka bwanji paguwa la kwathu kuno?

Mawu atatuwa ndi a Aristotle, wa ku Greece, amene anakhalako zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe. Ethos ndi chimene chimachititsa omvera kukhulupirira wolankhulayo. Pathos ndi kukhudza mtima. Logos ndi mfundo ndi zifukwa zake.

Ethos imayamba mlaliki asanatsegule pakamwa: kolala kapena suti, mayina amene womuitana watchula, momwe wapatsira moni akuluakulu. M'kati mwa ulaliki imveni m'mawu ngati "Baibulo likuti", "Ambuye anandiuza usiku wathawu", "ine ndinali chidakwa". Atatuwa sakufanana. Oyamba omvera angathe kuwayesa potsegula Baibulo. Achiwiri sangathe kuwayesa. Werengani kuti mtundu uliwonse wabwera kangati, ndipo onani kuti ndi uti umene wanyamula mfundo yaikulu.

Pathos ya ulaliki wa Evangelical nthawi zambiri imayenda kuchokera ku mantha kapena chisoni kupita ku chiyembekezo. Lembani pomwe yatembenukira. Ngati mantha atenga mphindi 30 ndipo mtanda wangotchulidwa m'mphindi ziwiri zomaliza, mwapeza kanthu kofunika kukanena.

Logos ipezeni potsata timawu tolumikiza: chifukwa, choncho, ndiye kuti, n'chifukwa chake. Pa "choncho" aliyense dzifunseni ngati zimene zatsatirazo zikuchokeradi pa zimene zinatsogola.

Ndidziwa bwanji kamangidwe ka ulaliki?

Yesani kunena ulaliki wonse m'chiganizo chimodzi. Haddon Robinson, m'buku lake la 1980 lophunzitsa kulalikira, anaumirira kuti ulaliki ukhale ndi ganizo limodzi lalikulu. Mukalephera kulipeza mutamvetsera kawiri, mwina mulibemo.

Mitundu yofala ndi iyi: kuyenda vesi ndi vesi, mutu umodzi wokhala ndi mfundo zitatu zotengedwa m'mabuku osiyana, nkhani imene tanthauzo lake limaululika kumapeto, ndi ulaliki wozungulira, umene umabwerera ku chiganizo chimodzi kasanu kapena kakhumi, ulendo uliwonse mokwererapo. Wozungulirawu ndi wofala m'misonkhano ya chitsitsimutso, ndipo ophunzira ambiri amaulakwira poulemba kuti "ulibe dongosolo" chifukwa choti sukufanana ndi za m'kalasi. Dongosolo lilipo, koma ndi la khutu. Pezani chiganizo chobwererachi, onani chimene chawonjezeka pa ulendo uliwonse.

Mukatero gawani mphindi: zingati zinapita pofotokoza ndime, zingati pa mafanizo, zingati pa moyo wa mlaliki mwini, zingati pouza anthu chochita.

Ndingayese bwanji ngati vesi lanyamuladi zimene mlaliki walisenzetsa?

Werengani mavesi khumi a m'mbuyo ndi khumi a kutsogolo. Funsani kuti akulankhula ndani, kwa yani, pa vuto lanji. Kenako ikani pambali pake zimene mlaliki walonjeza kapena kulamula, muone kutalikirana kwake.

Tengani Yeremiya 29:11, vesi lokondedwa kwambiri lonena za malingaliro a mtendere amene Mulungu ali nawo pa anthu ake. Kawirikawiri limalalikidwa ngati lonjezo loti chaka chino ntchito ipezeka, banja lipezeka. Koma vesili lili m'kalata yopita kwa akapolo ku Babulo. Vesi 10 likuti padzapita zaka 70 asanabwerere. Mavesi 5 mpaka 7 akuwauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, afunire mtendere mzinda wa adani awo. Ndipo m'mutu 28 muli mneneri Hananiya amene analonjeza kuti zonse zitha m'zaka ziwiri, Yeremiya n'kumutsutsa kuti akunamiza anthu. Ulaliki wolonjeza zachangu kuchokera pa vesi limeneli ukuyandikira mawu a Hananiya kuposa a Yeremiya. Chomvetsa chisoni n'chakuti uthenga weniweniwo ndi wamphamvu kuposa wachanguwo: Mulungu sanakuiwaleni ngakhale kudikira kutalike, ndipo pali ntchito yoti mugwire pomwe mulipo.

Afilipi 4:13 ndi chimodzimodzi. "Zonse" zimene Paulo akuti angathe zafotokozedwa m'mavesi 11 ndi 12: kukhuta ndi kumva njala, kukhala nazo ndi kusowa. Analemba ali m'ndende.

Samalani pano. Mlaliki aliyense ayenera kuchotsa ndime ku Babulo n'kuifikitsa ku Chibavi kapena ku Zolozolo kuno ku Mzuzu, apo ayi sanalalikire. Chimene mukuyesa ndi chakuti pofika kunoko, kodi ndimeyo ikunenabe zimene inkanena?

Chifukwa chiyani mumalimbikira za "ife", "inu" ndi "iwe"?

Chifukwa m'Chichewa kusintha kumeneku kumagwira ntchito yaikulu mwakachetechete. Nachi chitsanzo chimene tapeka, cha ulaliki wa fanizo la mwana wolowerera pa Luka 15:

"Tonsefe, abale, tinachoka kwathu. / Tinatenga chuma cha Atate n'kukachimwaza. / Ngakhale ine ndemwe ndinasirirapo makoko a nkhumba. / Inu mukudziwa kumene munali Lachisanu usiku. // Koma iwe, / iwe wakhala kumbuyoko, / iwe amene mayi ako akugona akulira, / Atate aima pamsewu, maso ali kunjira. // Nyamuka."

Mlaliki wayamba ndi "ife" kuti asaoneke woweruza. Wadziika yekha pa mlandu ndi "ine", ndipo potero wagula ufulu wonena "inu". Akafika pa "iwe", khamu lonse lasanduka munthu mmodzi. Kunja kwa tchalitchi kuuza bambo wa imvi kuti "iwe" ndi chipongwe, koma paguwa amalola, ndipo aliyense amamva ngati akunena iyeyo. Onaninso kuti mizere ikunka nifupika mpaka kutsala liwu limodzi lolamula.

Tsopano yesani ndi ndime. Atate oyang'ana kunjira alimo, pa vesi 20 anamuona akali kutali. Mayi wolira mulibe m'fanizoli. Mlaliki wamuwonjezera, ndipo mwina ndi iyeyo amene wagwetsa misozi m'tchalitchi. Si tchimo, koma lembani. Funsaninso ngati mwana wamkulu wa m'mavesi 25 mpaka 32 watchulidwa, pakuti mavesi 1 ndi 2 akuonetsa kuti Yesu ankayankha Afarisi ndi alembi ong'ung'udza. Ulaliki wosiya mwana wamkulu umalasa wa kumbuyo uja n'kusiya a pa mipando ya kutsogolo ali phee.

Nanga "Amen", kolasi ndi kiyibodi ndizitenge ngati mbali ya ulaliki?

Inde. Siyanitsani "Amen" wobwera yekha ndi wopemphedwa. Mlaliki akati "Tili limodzi?", "Wina anene Amen", "Uzani mnzanu kuti lero ndi lero", akupempha. Zimenezi zimadzutsa ogona ndi kumupatsa mpata wopuma, koma zimathanso kuvomerezetsa anthu mfundo isanafotokozedwe. Onani chiganizo chimene chatsogolera "Amen" wopemphedwa aliyense. Ngati nthawi zonse ndi pa mfundo yofooka, mwadziwa ntchito yake.

Kolasi yoyambitsidwa pakati pa ulaliki nthawi zambiri imatseka gawo limodzi ndi kutsegula lina. Kiyibodi ikayamba kulira pansipansi, lembani mphindi yake. Kenako werengani mawu a gawolo mokweza, popanda nyimbo, mumve ngati akuimabe paokha.

Ku Mzuzu maulaliki ambiri amakhala ndi womasulira. Ndisanthule mawu a yani?

A onse awiri. Mumzinda muno Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi zimakumana m'tchalitchi chimodzi, ndipo gawo lina la mpingo limamva ulaliki wa womasulira yekha. Lembani mawu awo m'mizati iwiri yoyandikana.

Kumasulira kumasintha kamangidwe. Uthenga wa mphindi 25 umafika pafupifupi 50, ndipo mlaliki amakakamizika kulankhula m'tiziganizo tatifupi. Tiziganizo totere timakoma pa kubwereza ndi pa kukweza moto, koma mfundo yaitali yokhala ndi "chifukwa" ndi "komabe" imaduka pakati. Onani ngati womasulira akufewetsa mawu olasa, kuwonjezera mwambi wake, kapena kusintha ulemu wa mawu olozera anthu. Onaninso kuti mpingo ukuyankha pambuyo pa yani. Mlaliki akasintha yekha chilankhulo, lembani pomwe wasinthira: ambiri amafotokoza chiphunzitso m'chilankhulo china, koma nthabwala, chidzudzulo ndi pemphero amazinena m'chilankhulo cha kumudzi kwawo.

Mafanizo, miyambi ndi maumboni ndiziyese bwanji?

Fanizo labwino limamutenga womvera kuti aweruze yekha asanadziwe kuti akudziweruza. Natani anachita zimenezi kwa Davide pa 2 Samueli 12 ndi nkhani ya kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka. Pa fanizo lililonse funsani kuti likuunikira mfundo iti. Ngati Lolemba anthu akukumbukira nkhani ya minibasi ya ku Nkhata Bay koma mfundo yake aiwala, fanizolo ladya ulaliki.

Mwambi uli ndi mphamvu yotseka mkangano, chifukwa palibe amene amatsutsana ndi makolo. Mlaliki akati "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe", mitu yonse imagwedera. Onani ngati mwambiwo ukuthandiza vesi kapena walowa m'malo mwake. Mvetseraninso timawu tojambula zinthu, monga zii, gwa, mbee, psiti. Timaonetsa pomwe mlaliki akufuna kuti anthu aone ndi maso.

Umboni wa munthu wosatchulidwa dzina, wa kutali, amene anapereka ndalama Lamlungu n'kulandira galimoto Lachitatu, sungayesedwe ndi aliyense. Ulembeni ngati umboni wosatsimikizika, makamaka ukabwera chopereka chitayandikira.

Kuitanira anthu kutsogolo: kukopa kumathera pati, kukakamiza kumayambira pati?

Mchitidwe woitanira anthu kutsogolo unafala ndi alaliki a chitsitsimutso a ku America monga Charles Finney, amene m'zaka za m'ma 1830 ankaika benchi kutsogolo kuti ovutika mumtima akhalepo. Mipingo ina imauchita sabata iliyonse, ina sichita n'komwe. Wosanthula asayambe ndi kuuvomereza kapena kuukana, koma aone momwe wachitikira.

Funsani izi. Kodi anthu auzidwa momveka chimene akuvomera? Kodi chimene akuitanidwiracho chikuchokera mu ulaliki umene wangothawu? Kodi munthu angathe kukhala pansi osachititsidwa manyazi? Ndipo kodi malonjezo a mlaliki asungidwa? Pali njira ina yodziwika: "Tonse titsinzine, palibe amene akukuona, ingokweza dzanja." Kenako, "Amene mwakweza manja imirirani." Kenako, "Bwerani kuno." Sitepe iliyonse ndi yaing'ono, koma munthu amene analonjezedwa chinsinsi wapezeka ali kutsogolo kwa mpingo wonse. Ife tikuona kuti apa mlaliki waphwanya mawu ake, ngakhale cholinga chikhale chabwino, ndipo ena mwa obwera motere sabweranso sabata yotsatira.

Lembaninso kutalika kwa kuitanako ndi kuti "patsala munthu mmodzi" yanenedwa kangati. Yerekezani ndi Machitidwe 2:37, pomwe omvera analaswa mtima n'kufunsa okha chochita Petro asanawauze.

Pa chopereka muyeso ulipo kale pa 2 Akorinto 9:7: aliyense apereke monga watsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa. Ulaliki ukamangirira kuchuluka kwa ndalama ku kukula kwa dalitso, kapena kuimiritsa anthu m'magulu potengera ndalama zimene alonjeza, lembani mawu ake enieni ndi mphindi yake.

Ulaliki wa pamaliro, wa m'basi ndi wa pawailesi ndiusanthule mofanana?

Mafunso ndi omwewo, koma omvera ndi osiyana. Pamaliro pali anthu a mipingo yonse ndi osapemphera omwe, ndipo sangachoke. Onani ngati ofedwa atonthozedwa kapena angogwiritsidwa ntchito poopseza ena. M'basi ya pa depoti mlaliki ali ndi mphindi zochepa, choncho amathamangira ku ngozi ya pamsewu ndi pemphero. Pawailesi palibe "Amen" womuthandiza, ndiye kupuma ndi kubwereza zimagwira ntchito yonse.

Alipo amene anachitapo kafukufuku wotere m'Chichewa?

Alipo. Ernst Wendland, mmodzi mwa amene anagwira ntchito yomasulira Baibulo la Chichewa lotchedwa Buku Loyera, anatulutsa mu 2000 buku lotchedwa Preaching That Grabs the Heart, losanthula maulaliki a chitsitsimutso a mlaliki Shadrack Wame. Ndi poyambira pabwino kwa wophunzira. Polemba zanu, tchulani Baibulo limene mlaliki anawerenga, kaya Buku Lopatulika la 1922 kapena Buku Loyera la 1998, chifukwa mawu amene watsindika akhoza kupezeka m'limodzi lokha.

Ndamaliza kusanthula. Zimene ndapeza ndizifikitse bwanji kwa mlaliki?

Pambali, osati pagulu la WhatsApp la mpingo, ndipo osati Lamlungu lomwelo akadali ndi thukuta. Dikirani masiku awiri kapena atatu. Sankhani zinthu zosapitirira zitatu, chilichonse ndi mphindi yake ndi mawu ake enieni. Yambani ndi chimene chinagwira bwino ntchito, ndipo nenani chifukwa chake, pakuti "munalalikira bwino" saphunzitsa munthu kanthu. Pa chovutacho funsani, Baibulo lili lotsegula: "Abusa, pa mphindi 22 munati vesi la Yeremiya 29:11 likulonjeza chaka chino. Ndiye zaka 70 za pa vesi 10 tizimve bwanji?" Ngati ndinu wamng'ono kwa iwo, pitani ndi mkulu wa mpingo amene amamukhulupirira.

Ngati ndi ntchito ya kusukulu, yalani motere: malo ndi omvera, ganizo lalikulu, kamangidwe ndi kagawidwe ka mphindi, zida za luso ndi zitsanzo zake, kuyesa ndime, kenako chigamulo chanu. Dzina la mlaliki lilembeni pokhapokha atavomera, ndipo mayina a anthu amene anatchulidwa m'maumboni kapena m'mapemphero achotseni onse musanapereke pepalalo.